Tsiku Lometa Maliro a Achemwali Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene achemwali anga a Joyisi anamwalira, ndipo chimene chinandikhala mumtima mpaka lero si tsiku loika maliro, koma tsiku lometa. Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, nthawi imene munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatulutse mawu olemera. Tinkakhala kumapiri, kufupi ndi Nsambe, kumudzi kwa amayi. Inali nyengo ya manachesi, yozizira mpaka kuuma zala, ndipo aliyense amene unkapatsana naye moni pamaliropo, manja ake ankanunkhira makoko a manachesi.

Bambo anga, a Layisoni, anali mkamwini pamudzipo. Kwawo kunali kuchigwa, ku Chifunga, ndipo ntchito yawo inali yokhoma ndowa ndi zidebe. Anakhala pamudzi wa amayi kuyambira achemwali asanabadwe, koma anali mlendobe. Pakakhala nkhani ya banja, oyankhula anali amalume, mwini mbumba, ndipo bambo ankakhala chapatali pa ndowa yovundikira, chipewa chili pabondo. Amalume ankakonda kuwaseka kuti mawu awo onse anawakhomerera m'ndowa. Anthu ankafa nako kuseka, bambo n'kumangomwetulira. Inenso ndinkaseka nawo, ndipo pansi pa mtima zinkandichititsa manyazi kukhala ndi bambo wofatsa chotero.

Achemwali anakwatiwa ndi a Kampira, mwamuna wa golosale ku Zalewa, pamphambano pamene malole opita kunja kwa dziko ankagona. Alamu angawo anali munthu wathupi, wa khosi lamakwinya atatu, wosekaseka ndiponso wopatsa. Akabwera kumudzi, galimoto yawo yaing'ono yonyamula katundu inkabwera ndi shuga, sopo ndi feteleza, ndipo malata a panyumba ya amalume anachokera kwa iwo. Analinso tcheyamani wa chipani kudera lawo, moti pa jekete lawo sipankachoka baji. Pamudzi pathu akamati mkamwini wabwino, ankanena a Kampira, osati bambo anga.

Matenda anayamba ndi khanda la achemwali, limene linamwalira lisanayambe n'kukwawa komwe. Kenako eni akewo anayamba kutsokomola, kutsegula m'mimba kosatha, zilonda m'kamwa. Anabwera nawo kumudzi pamodzi ndi mwana wawo woyamba, Mphatso, kamtsikana kamene kanali kasanayambe sukulu. Mkazi amene ankasenza thumba la mbatatesi kuchokera kudimba osapuma panjira, anafika poti amayi ankamunyamula ngati mwana popita naye kubafa. Ena ankati ndi tsempho, ena ankati akazi ansanje a ku Zalewa amulodza. Wayilesi inkatchula ndithu za Edzi, koma kwathu tinkangoti matenda a boma, ndipo tinkawaona ngati a anthu a m'tauni ndi akazi a m'mabala, osati a mayi wapabanja woimba kwaya.

Bambo ndi amene anapita ndi achemwali kuchipatala chachikulu ku Mwanza, poti masiku amenewo boma lathu linali kumeneko. Atabwerako anali chete kuposa kale. Ndinawaona tsiku lina masana akulankhula ndi amayi kuseri kwa nkhokwe, amayi atagwira pakamwa, akupukusa mutu. Nditayandikira anasiya. Sipanapite nthawi, achemwali anatsirizikira m'manja mwa amayi.

Maliro ataikidwa, manong'onong'o anayamba. Akuluakulu ankati akandiona ndikudutsa, nkhani n'kuduka. Amene anandiululira anali Edina, mwana wa amayi aang'ono, mnzanga wa ponda apa m'pondepo, amene tinkasiyana miyezi yochepa chabe. Bambo ake anapita kumigodi iye ali wakhanda ndipo sanabwerenso. Tinali kuchitsime pamene anandikodola.

"Iwe Lusiya, wamva? Ukupita ku Zalewa."

"Kukatani?"

"Akuti ukalere Mphatso." Anaseka, n'kundithira timadzi kumaso. "Usadzipusitse, iwe. Ukalowa m'malo mwa achemwali ako. Basi wadya bwino, mayi wa golosale!"

Unali mwambo wodziwika. Mkazi akamwalira, ndipo banja likuona kuti mkamwiniyo ndi wabwino, silinkafuna kumusudzula kuti apite kwina. Linkapereka mng'ono wa malemuyo kuti ana asaleredwe ndi mkazi wachilendo. Poyamba ankati akukalera ana, koma aliyense ankadziwa kumene kulera koteroko kumathera.

Kodi ndinachita mantha? Ayi ndithu, ndinasangalala. Ku Zalewa ndinali nditapitako kamodzi, ndipo ndinaona magetsi, buledi wa tsiku ndi tsiku, ndi atsikana ovala nsapato pakati pa sabata. Kuno ndinali mu Sitandade 7, kuyenda mtunda wapansi m'mame, aphunzitsi a masamu akundidikira ndi ndodo. Za mwamuna ndi mkazi ndinkangodziwa za m'nyimbo za kuchinamwali. M'mutu mwanga munali nsapato basi.

Tsiku lometa linafika. Kunacha ndi nkhungu, ndipo abale onse tinasonkhana pabwalo la amalume, pansi pa mtengo wa mapeyala. Kumeta maliro ndiko kunkatsekera kulira: aliyense wapabanja ankametedwa mpala, kenako akuluakulu n'kugamula za mwamuna wa malemu ndi ana. Pakati pa bwalo panali kampando, beseni la madzi ofunda, kachidutswa ka sopo wochapira, ndi lezala limodzi. Wometa anali a Nangondo, mayi wachikulire amene manja awo anali atayamba kunjenjemera koma palibe ankalimba mtima kuwauza. Galimoto ya a Kampira inali itaima m'mbali mwa bwalo, Mphatso akusewera kumbuyo kwake, ndipo ine ndinali nditamanga kale kamtolo kanga n'kukabisa pansi pa mphasa.

Oyamba kumetedwa anali a Kampira. Lezala linkalira pamutu pawo, kwee, kwee, tsitsi likugwera pa chitenje. Litafika pa makwinya a pakhosi paja linaluma, magazi n'kutsika kulowa m'kolala. A Kampira anaseka, nati agogo akufuna kuwadya ndiwo. A Nangondo anapukuta lezalalo pa chitenje chawo, n'kufunsa wotsatira.

Pamenepo anayenera kubwera amayi. Koma amalume anakweza dzanja.

"Abwere Lusiya. Akhale pomwe achoka alamu akepo."

Amayi ena anayang'anizana n'kugwedeza mitu. Palibe amene sanamve tanthauzo lake. Ndinadzuka n'kukakhala pa kampando kaja, kakadali kofunda. A Nangondo anandithira madzi m'mutu, n'kupaka sopo mpaka thovu linanditsikira m'makutu. Anandiweramitsa mutu, ndipo ndinaona lezala likubwera, m'mphepete mwake muli kamzere kofiira kamene chitenje sichinachotse.

Silinandifike. Dzanja lina, lodzaza zipsera za malata, linali litagwira mkono wa a Nangondo.

"Lezala limeneli lisakhudze mwana wanga."

Sindinawazindikire mawuwo, chifukwa ndinali ndisanawamvepo bambo akulankhula pagulu. Nditatukula maso ndinaona ndowa yawo ili gada kumene anaigwetsa podzuka.

"A Layisoni, mwatani?" anafunsa amalume, akuyesa kuseka. "Kodi mwalawa kale mowa wa maliro? Khalani pansi."

"Ndakhala pansi zaka zonsezi. Lero mundilole ndiime."

Amalume anasiya kuseka. Ananena mokweza, kuti aliyense amve, kuti mbumba inakhala pansi n'kugwirizana: a Kampira sasudzulidwa, Lusiya akwera galimoto lero lomwe kukalera mwana wa mkulu wake, ndipo nkhani ya ana pamudzi pano siimangidwa ndi mkamwini. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lawo lisanachoke pa mkono wa a Nangondo.

"Ku Mwanza kuja," anatero, "dokotala wina wachinyamata, wa kumpoto, ananditengera kuseri kwa wodi, pa mpopi wa madzi. Anandifunsa ngati ndine bambo wa Joyisi womubala. Anandiuza dzina la matenda. Ndinauza mayi akewa, anati ndisanene, tingachite manyazi. Ndinakhala chete, mwana tamuika. Koma uyu ali moyo. Joyisi wafa ndi Edzi."

Ndinamva peyala likugwa kuseri kwa nyumba. Mayi wina anayamba kulira chapansipansi, wina n'kumuletsa. Thovu la sopo linandilowa m'diso, koma ndinaopa ngakhale kulipukuta.

A Kampira anadzuka pang'onopang'ono, mutu uli mbee, magazi atauma pakhosi. Anatambasula manja n'kutembenuka kuti aliyense awaone, kenako anadzimenya pamimba.

"Tandiyang'anani bwinobwino, apongozi. Thupi ili ndi la munthu wodwala matenda amenewo, eti? Anthu ake timawadziwa, amauma ngati nkhuni. Ine ndawonda pati?"

Anthu anavomereza ndi mtima wonse. Ndinamva kung'ung'udza kukuzungulira bwalo: zoonadi, munthu wonenepa chonchi! Inenso ndinavomereza mumtima, chifukwa umu ndi mmene tonse tinkadziwira. Matendawo tinkawayeza ndi maso.

"Inenso ndinafunsa zomwezo," anayankha bambo. "Anandiuza kuti kachilomboka kamakhala m'magazi zaka, munthu ali wonenepa, akudya bwino, iye mwini osadziwa. Kamayenda m'magazi ndi pamphasa. Sindikunena kuti munachita dala, a Kampira. Amene anayamba sindikumudziwa, ndipo sindikufuna kumudziwa. Koma munali mwamuna ndi mkazi. Khanda lapita, mayi wake wapita. Uyu ndiye ayi."

Apa nkhope ya a Kampira inasintha. Anatola jekete lawo pa nthambi n'kulivala, akukonza baji ija ndi chala. Sanakweze mawu, ndipo kusakweza kwakeko ndiko kunatiopsa.

"Mukudziwa amene mukumunyoza pagulu? Dokotala wanuyo dzina lake ndani? Anthu ofalitsa mabodza osokoneza mtendere timadziwa kowapititsa."

Amene sanakhale ndi moyo m'zaka zimenezo sangamve kulemera kwa mawu amenewo. Tinkadziwa mabanja amene bambo wawo anatengedwa pagalimoto chifukwa cha mawu a pamowa, osabweranso. Amuna amene anakhala pafupi ndi bambo anayamba kusuntha pang'onopang'ono. Bambo anangoti dzina la dokotalayo analiiwala, ndipo aliyense anadziwa kuti akunama.

Amalume anali atapsa mtima. Anauza bambo kuti atenge nyundo zawo ndi bulangete lawo, dzuwa lisawalowere pamudzipo. Bambo anati atero, koma apita ndi mwana.

"Mwana wake uti? Munabwera naye kuchokera ku Chifunga? Mwanayu ndi wa pano!" Kenako amalume anatembenukira kwa amayi. "Chemwali, talankhula. Mwamuna wakoyu watichotsa ulemu pamaso pa mlendo. Mwanayu ndi wako. Akwere galimoto kapena ayi?"

Amayi anali atakhala pamphasa miyendo ili tambalale, maso otupa ndi kulira kwa masiku onse aja. Moyo wawo wonse anali asanatsutsepo mlongo wawo. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali, kuwatembenuza uku ndi uku, ndipo ine ndinkapemphera mumtima kuti anene kuti ndikwere.

"Achimwene," anatero motsitsa, "Joyisi ndamusambitsa ndi manja awa, mafupa okhaokha. Wina sindisambitsanso. Apite ndi bambo ake."

Ndinalira mokuwa, osati chifukwa cha achemwali, koma chifukwa cha Zalewa. Bambo anandigwira padzanja, ine ndikukoka, ndipo tinadutsa pakati pa abale onse popanda wotsanzikana nafe. Kamtolo kaja ndinakatenga ndithu, koma kanalowera njira ina. Tinayenda wapansi mpaka pamsewu, n'kukwera lole ya manachesi yotsikira kuchigwa. Sopo uja anandiumira m'mutu n'kumandiyabwa ulendo wonse, ndipo sindinawalankhule bambo ngakhale liwu limodzi.

Ku Chifunga tinafikira kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo. M'mawa mwake bambo anapita kukagolosale ka pafupi n'kubwera ndi malezala awiri, lililonse m'kapepala kake. Anandikhazika pa mtondo wogoneka pansi pa mlambe, n'kundimeta okha, mosamala ngati akusenda dzira. Kenako anatsegula linalo n'kudzimeta. Ndi pamene ndinawaona akulira koyamba, misozi ikusakanikirana ndi thovu.

"Mwambo sindinaukane ayi," anatero. "Joyisi ndi mwana wanga, ndiyenera kumumetera."

Masabata otsatira tinakhala ndi mantha. Galimoto ikamveka kumsewu, nyundo ya bambo inkasiya kulira, ndipo azakhali ankandikankhira m'nyumba. Bambo ankagona nsapato zili pafupi. Koma palibe amene anabwera. Mwina a Kampira anaona kuti kukokera nkhaniyo kuboma kukanangoifalitsa, mwinanso pansi pa mtima anali ndi mantha awoawo. Ndinayambiranso sukulu kumeneko, ndipo nyengo ya manachesi itatha, amayi anatitsatira.

Ndi amayi amene anatiuza kuti galimoto ija sinabwerere ku Zalewa yopanda munthu. Titangochoka, amalume, pofuna kupepesa mlendo wonyozedwa, anaitana Edina kuti akhale pa kampando kaja.

Ndinapsa mtima ndi nsanje. Pa Khirisimasi tinapita kumapiri kukaona abale, bambo atatsala, ndipo ndinamupeza Edina atavala nsapato zofiira, tsitsi lowotcha, akugawa masiwiti kwa ana. Anandikumbatira n'kundipatsa mpango, nati ndisadandaule, a Kampira ndi munthu wabwino, samumenya. Anali wonenepa, wowala, ndipo alamu nawonso anali chimodzimodzi. Pamudzi ponse nkhani inali yoseka a Layisoni ndi dokotala wawo wa pampopi. Nditabwerera ku Chifunga ndinawauza bambo maso ndi maso kuti anandilanda mwayi wanga. Iwo anangopitiriza kukhoma ndowa.

Ndinali ku sekondale pamene tinamva kuti a Kampira ayamba kudwaladwala. Golosale inatsekedwa, galimoto inagulitsidwa, ndipo amene anawaona ankati jekete lija linkangolendewera. A Kampira atamwalira, Edina anabwerera kumudzi ndi Mphatso, akutsokomola. Ndinapita kukamuona patchuthi. Anali atagona pamphasa pakhonde, pomwe ankagona achemwali, ndipo atandiona anayesa kundiseka monga kale.

"Mayi wa golosale uja ndi uyu," anatero, akudziloza pachifuwa. "Iwe, sukulu usasiye."

Anamwalira asanakwanitse zaka makumi awiri, zipani zambiri zitangoyamba kumene. Pamaliro ake bambo anapita, koyamba kuponda pamudzipo chichokereni. Tsiku lometa, pansi pa mtengo wa mapeyala womwe uja, aliyense anatulutsa lezala lakelake, popanda wowauza. Amalume, atakalamba mwadzidzidzi, ananyamula mpando ndi manja awo n'kukauika pamaso pa bambo. Ndinkayembekeza kuti bambo anenapo kanthu, ndipo kunena zoona ndinkafuna kuti anene, awaswe onse aja ankawaseka. Anangothokoza n'kukhala.

Pobwerera, tikudikira lole pamsewu, ndinawauza kuti anandipulumutsa. Anali mawu amene ndinakhala nawo pakhosi nthawi yaitali. Bambo anayang'ana kumapiri kumene tinachokera, n'kupukusa mutu.

"Tsiku lija ndinati mwana wanga," anatero. "Ndikanati ana athu. Pakamwa ndinali nditatsegula kale, mantha ndinali nditawadya kale. Chinandivuta n'chiyani kutchula Edina?"

Lero ndine mphunzitsi wopuma, ndipo Mphatso, amene analeredwa ndi amayi, anakayezetsa atakula n'kupezeka alibe kachilombo. Ali ndi ana akeake. Zinthu zinasintha. Kuli kuyezetsa, kuli mankhwala amene akanawasunga achemwali, Edina ndi a Kampira omwe mpaka imvi, kulinso oteteza munthu asanatenge. A Kampira sindiwasungira chidani, chifukwa nawonso ankadziyeza ndi maso ngati tonsefe. Ndikudziwanso tsopano kuti choopsa chachikulu tsiku lija sichinali lezala, koma galimoto imene inkandidikira m'mbali mwa bwalo.

Koma galimoto zoterozo zikadalipo. Zimaima pa Zalewa, zimaima pageti la sukulu kudikira ana aakazi, ndipo nthawi zambiri akuluakulu timaziona n'kunena kuti mwanayo si wathu, tingayambane ndi eni ake. Ineyo pa zimenezi ndilibe ulemu, ndipo ena pamudzi amanditcha wolongolola. Anene. Ine ndi Edina tinamwa chitsime chimodzi, tinavinidwa limodzi, tonse tinkafuna nsapato zomwezo. Sindinamupose nzeru kapena khalidwe. Kusiyana kwathu kunali kwakuti pamene lezala linkatsika, ine ndinali ndi munthu wogwira mkono wa a Nangondo, ndipo pamene Edina anakhala pa kampando kaja, bwalo lonse linangoyang'ana.